Larry Irving adawerenga anthu oiwalika

Wogwira ntchito m'boma sakumbukiridwa ndi galimoto yomwe ankakwera kapena kukula kwa ofesi yake. Amakumbukiridwa ndi anthu omwe adawatsegulira khomo. N'chifukwa chake lero tikuwombera m'manja Larry Irving, mkulu wa ku America yemwe adalimbikira kuti anthu akuda ndi osauka a m'dzikolo asatsalire m'mbuyo pankhani ya makompyuta ndi intaneti.

Irving, yemwe ndi loya wobadwira ku New York, adasankhidwa ndi Pulezidenti Bill Clinton mu 1993 kuti atsogolere NTIA, nthambi ya boma yomwe imalangiza mtsogoleri wa dzikolo pankhani za matelefoni ndi mauthenga. Adagwira ntchitoyi mpaka 1999.

Nthawi imeneyo intaneti idali itangoyamba kufala ndipo ambiri ankangoyitamandira. Koma Irving adafunsa funso lomwe akuluakulu sakonda kulimva: nanga omwe alibe ndi ndani, ndipo amakhala kuti?

Yankho lidabwera m'malipoti atatu otchedwa Falling Through the Net omwe nthambi yake idatulutsa mu 1995, 1998 ndi 1999 pogwiritsa ntchito ziwerengero za ofesi ya kalembera. Lipoti la 1999 lidapeza kuti mwayi woti banja la anthu akuda likhale ndi intaneti pakhomo sunkafika ndi theka lomwe la mwayi wa banja la azungu. Malipotiwa ndiwo adatchukitsa mawu oti digital divide, kutanthauza phompho lomwe lili pakati pa olumikizidwa ndi osalumikizidwa.

Taganizani, mkuluyu adali wa boma lomwelo. Akadafuna akadabisa ziwerengerozo n'kumangolengeza zokoma zokhazokha. Iye adasankha kuulula chilonda. Paja akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Sadalekere pakuwerenga. Nthambi yake inkapereka ndalama ku sukulu, malaibulale, zipatala ndi mabungwe a m'madera osauka kuti alumikizidwe. Adalinso mmodzi mwa alangizi a boma pomwe lamulo la zamatelefoni la 1996 linkakonzedwa. Lamuloli ndilo lidabala E-rate, ndondomeko yotsitsira sukulu ndi malaibulale mtengo wa intaneti. Mwana yemwe kwawo kudalibe kompyuta adayamba kuyigwira kusukulu.

Mu 2019 bungwe la Internet Society lidamuika m'gulu la akatswiri olemekezeka la Internet Hall of Fame, ndipo adali munthu wakuda woyamba wa ku America kulandira ulemuwu. Ife tikuti adauyenera.

Komabe ulemu wa pakamwa ndi wotchipa. Mu 2024 ndondomeko ya Affordable Connectivity Program, yomwe inkachotsera mabanja osauka madola 30 pamwezi pa bilu ya intaneti, idatha chifukwa aphungu a dzikolo sadaonjezere ndalama. Mabanja oposa 23 miliyoni ndiwo ankathandizidwa. Izi n'zomvetsa chisoni, chifukwa masiku ano kufunsira ntchito, kuphunzira ngakhalenso kuonana ndi dokotala kumadalira intaneti. Kutamanda Irving uku ukutseka khomo lomwe adatsegula ndi chinyengo.

Phunziro lake likutikhudza nafenso kuno kwathu. Lamulo lathu la zamauthenga la 2016 lidakhazikitsa thumba la ndalama lofikitsira matelefoni ndi intaneti kumadera omwe makampani saonako phindu. Tikupempha omwe amayendetsa thumbali kuti atengere chitsanzo cha Irving: aziuza Amalawi poyera kuti ndi sukulu zingati za kumidzi zomwe zalumikizidwa, ndipo ndi zingati zomwe zikudikirabe.

Munthu yemwe sadawerengedwe sakhalamo m'bajeti. Irving adadziwa zimenezi, ndipo adayamba ndi kuwerenga. Akuluakulu athu ayambirenso pomwepo.