Foni ndi nkhokwe yathu, tisamaisiye paliponse

Alimi anzathu a kwa Mbenje, ndalama za thonje, chitowe ndi mbuzi masiku ano sizigonanso pansi pa mphasa. Zambiri zimafikira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Komatu foni yomwe yasunga thukuta la chaka chonse timaisiya pa shelefu ya ometa tsitsi pa Bangula kuti itchajidwe, ife n'kupita kudimba mpaka madzulo. Sitichitira dala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zimawunikira magetsi, ndipo kumudzi kuno n'zochepa kuposa apo.

Chingwe cha USB sichinyamula moto wokha. M'kati mwake muli timawaya tina ta moto, tina todutsa uthenga. Mu 2011 akatswiri a makompyuta anaonetsa pamsonkhano wawo ku Las Vegas kuti malo otchajira aulere angathe kukonzedwa mwachinyengo n'kumakoka zimene zili m'foni, ndipo mu Epulo 2023 apolisi a FBI ku America anachenjeza anthu za malo otere m'mabwalo a ndege ndi m'mahotela. Ife bwalo la ndege sitilidziwa, koma kompyuta ya pa tauni yoikira nyimbo m'mafoni timaidziwa, ndipo ena amatchajirapo. Amene muli ndi foni yotsetsereka, ikakufunsani ngati mukufuna kutumiza zinthu kapena kungotchaja, sankhani kutchaja basi. Chabwino koposa n'kunyamula tchaja yanu yolowetsa pa soketi.

Koma tinene zoona, wakuba wa kuno safuna luso lonselo. Dzanja limakwana. Foni yosakhoma ikakhala pa shelefu, aliyense wolowamo angathe kuwerenga uthenga wosonyeza ndalama zimene mwatsala nazo. Ngati nambala yachinsinsi ndi 1234 kapena chaka chimene munabadwa, ntchito yatha. Ena amangolemba nambala yanu, mawa lake mukulandira foni yoti "ndalama zanga zalowa kwanu molakwika". Achinyamata ambiri otchajitsa ndi okhulupirika, akungofuna ya sopo, koma mnyamata mmodzi sangayang'anire mafoni makumi atatu uku akumeta munthu.

Tsono tizimitse foni tisanaipereke, kapena tichotse simu n'kuimangirira pa nsonga ya chitenje. Nambala yachinsinsi tisinthe, ndipo tisamaiuze wa pa bokosi kuti atidinire, ngakhale maso akuvuta.

Zimenezi pazokha sizikwanira. Makalabu athu amasonkha ndalama za mbewu ndi mankhwala opopera thonje. N'chifukwa chiyani sitingasonkhenso ya sola ndi batire, zizikhala kwa msungichuma, pakhale ndi kabuku kolemba wobweretsa foni ndi woitenga? Tikupemphanso a MACRA ndi makampani a mafoni kuti machenjezo awo azimveka pa wailesi za m'madera mu Chisena ndi Chimang'anja, chifukwa uthenga wolembedwa sufika kwa agogo osawerenga. Ndipo madzi akasefukira monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mabungwe otumiza thandizo pa foni aziika malo otchajira otetezeka m'misasa momwemo, oyang'aniridwa ndi komiti ya msasa. Nkhaniyi tiyike pa ndondomeko ya msonkhano wa kalabu msika wa thonje usanatsegulidwe.