Dima la pa Intaneti

Anzanga, ambiri a ife tinabadwira m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo, ndipo tidziwa kuti wothyola tiyi alandira malipiro monga mwa kulemera kwa masamba a m'dengu lake. Masambawo akapita ku fakitale ndi ku msika wa ku Limbe, apita ndithu, sabweranso. Koma chiripo chuma china chimene sichitha ngakhale uchigawire anthu chikwi. Chuma chimenechi ndicho nzeru, ndipo masiku ano maiko alemera nacho koposa ndi khasu. Chifukwa chake ine ndinena kuti ife ana a sekondale tiyenera kulowa m'magulu a anthu ogawana nzeru pa intaneti.

Makolo athu anali ndi dima. Munthu ankaitana anansi kudzalima m'munda mwake, nawaphikira thobwa, ndipo tsiku lina iyenso ankapita kukalima kwa mnzake. Dima lomweli lafika pa intaneti. M'chaka cha 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anayamba pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Linux, naiika poyera kuti munthu aliyense aone m'kati mwake, aikonze ndi kuigawira ena. Anthu zikwizikwi anabwera ndi makasu ao, ndipo lero mafoni a Android amene makolo athu atitumizira nao ndalama ayenda pa maziko a Linux.

Dima limene ndifuna kuti ife tilowe ndilo la OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene Steve Coast anayambitsa ku England mu 2004. Mapuwa ajambulidwa ndi anthu odzipereka. Munthu ayang'ana chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba, nalemba pa kompyuta pamene pali nyumba, mseu kapena mtsinje. Mu 2014 Amalawi anzathu anachita nchito imeneyi ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene madzi asefukira kawirikawiri, kuti opereka chithandizo adziwe kumene kuli anthu.

Ifenso tsoka lotere talidziwa. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola milatho m'maboma a kumwera, Thyolo pamodzi. Pa tsiku lotere galimoto ya chithandizo ifuna njira, ndipo mudzi wosalembedwa pa mapu uchedwa kufikiridwa.

Tsono mzungu wa ku London akhoza kuona denga la malata pa chithunzi, koma dzina la mudziwo salidziwa. Sadziwa kanjira kodutsa pansi pa mabulugamu kunka ku chipatala, kapena mlatho wa mitengo umene umira mvula ikagwa masiku awiri, kapena mjigo umene unaphwa. Zimenezi tizidziwa ndife, amene tinaponda njirazo ndi mapazi kuyambira ku pulaimale. Kodi tiyembekeza yani kuti atilembere?

Ena anena kuti, "Nchito yopanda malipiro nja opusa, bambo wako athyola tiyi kuti uphunzire, osati kuti ugwirire anthu ulere." Mau amenewa ali ndi nzeru, pakuti fizi silipiridwa ndi zikomo. Koma taganizani. Wopita ku dima sabwera chimanjamanja. Wolemba mapu aphunzira kugwira kompyuta ndi kuwerenga mapu, akonzedwa ndi akatswiri akutali popanda kuwalipira, ndipo nchito yake ikhala poyera kuti aliyense aione. Mnyamata kapena mtsikana wotere akadzagogoda ku yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa pa Ndata m'boma lathu lino mu 2014, adzalowa ali ndi luso kale m'manja.

Enanso anena kuti ife ogonera pa sukulu tiribe mafoni, ndipo bando ndi yodula. Zoona. Koma kope ndi pensulo tiri nazo. Pa tchuthi chikudzachi aliyense alembe maina a midzi ya kwao, matchalitchi, mizikiti, zigayo, mijigo ndi milatho, atafunsa bwino kwa amfumu ndi akuluakulu. Tikabwerera, tidzapemphe a Hedimasitala mwaulemu kuti atilole kulowa m'chipinda cha makompyuta Loweruka masana, pamodzi ndi aphunzitsi a Jogalafe, kuti tiike zonsezo pa mapu.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Anthu a maiko ena asenza kale mbali yao. Mbali ya Thyolo yatsalira ife. Tiyeni tiigwire mvula isanabwerenso.

Wophunzira wa Folomu 3