Maina a asilikali a pa Karonga ali kuti?

Mu 1942, asilikali a dziko la America oposa 2,500 anafera mu ukaidi pa msasa wa Cabanatuan ku Philippines, m'manja mwa asilikali a Japan. Anawapha ndi malungo, kamwazi ndi njala, ndipo ambiri anakwiriridwa angapo m'dzenje limodzi. Mpaka lero boma la America likufukulabe mafupa aja, kuwayeza DNA, n'kuwapereka kwa adzukulu. Msilikali amakaikidwa kumudzi kwawo, dzina lake n'kuwerengedwa pamaliro, patapita zaka zoposa 80.

Nkhani ngati imeneyi imandiwawa chifukwa cha Karonga. Pa 9 Seputembala 1914, Majeremani ochokera ku Neu Langenburg, komwe lero ndi Tukuyu, anaoloka Songwe n'kumenyana ndi asilikali a King's African Rifles (KAR) pa boma lathuli. Pitani kumanda a nkhondo ija mukaone: Mngelezi ali ndi mwala wake, Mjeremani naye wake, maina olembedwa bwinobwino. Nanga anyamata akuda amene anali ochuluka mbali zonse ziwiri? Ena mwa omenyera Majeremani anali a kuno komwe, amene anapita kukafuna ntchito gulu lawo la KAR litathetsedwa mu 1911. Mwina mbale ankawombera mbale wake.

John Chilembwe anaona msanga. Mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka akufera nkhondo yosawakhudza, n'kusiya amasiye opanda wowathandiza.

Amtengatenga ndiye osanena. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anasenza katundu pa nkhondo yomweyi, ya Chiwaya, ambiri mokakamizidwa. Wodwala ankatsala m'njira, mtolo wake n'kuusenzetsa wina. Kumudzi sikunafike uthenga, ndipo mayi ankangodikira osadziwa ngati amete maliro kapena ayi. Chipilala cha ku Zomba chili ndi maina a asilikali, koma mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondoyo, makamaka Aafirika, sanakumbukiridwe ndi maina.

Ndalama zoyezera mafupa tilibe, ndikudziwa. Koma agogo amene anamva nkhanizi kwa makolo awo akadalipo ku Kaporo, ku Mpata ndi ku Chilumba. Ana asukulu atapita ndi kope ndi cholembera, mafumu n'kuitanitsa anthu, maina angapezeke, ndipo nyumba yosungira zakale ya pa Karonga ingawalembe pakhoma. Ntchitoyi iyambe chaka chino, agogowo akadali ndi mphamvu zofotokoza.