Timfuti ta m'chiuno tafika pa chipata cha Mwanza

Sabata yatha ndinakhala maola atatu pa chipata cha Mwanza kudikira mlamu wanga wa pa basi yochokera ku Joni. Pafupi nane panali amuna atatu ali pa mkangano wotentha, foni ikuyenda dzanja ndi dzanja. Ndinkayesa ndi za mpira. Ayi ndithu, amakangana za timfuti tobisa pansi pa malaya, kuti kabwino koposa ndi kati.

Woyamba amatama Glock 26 ya ku Austria, imene inatuluka pakati pa zaka za m'ma 1990. Imalowa zipolopolo 10, koma ndi yonenepa ndipo imatumba m'chiuno. Wachiwiri anati iye bola Glock 43 ya m'chaka cha 2015, yopyapyala bwino, ngakhale imangolowa zipolopolo 6. Wachitatu anawaseka onse awiri. Iye yake ndi SIG Sauer P365 ya m'chaka cha 2018, yopyapyala komanso yolowa 10, kulemera kwake ngati theka la kilogalamu basi. Bambo wina wachikulire, dalaivala wa thiraki, anangopukusa mutu nati iwo amadziwa Makarov ya ku Russia, ya zipolopolo 8, imene ankaiona m'ziuno za asilikali pa msewu wa Tete nthawi ya nkhondo.

Zonse ananenazi n'zoona. Koma palibe anatchula chimene aphunzitsi a mfuti amachidziwa bwino, chakuti mfuti ikachepa imavuta kulasira. Popeza ndi yopepuka, imakankha dzanja kwambiri ikalira. Mpope wake ndi waufupi, choncho dzanja likangonjenjemera pang'ono chipolopolo chapita kwina. Chogwirira nachonso n'chachifupi, moti pa zina chala chakaniso chimangolendewera. Munthu amayenera kuombera kambirimbiri kuti aizolowere. Nanga ife pa Mwanza pano tikaphunzirira kuti, m'munda wa manachesi? Usiku, mtima uli phaphapha, amene adzalasidwe akhoza kukhala mlonda wanu kapena mwana wobwera mochedwa.

Abale athu obwerera kumudzi, mkangano umenewu mwautenga ku mayiko a eni, ndipo kumeneko uli ndi maziko ake. Ku South Africa lamulo la mfuti la m'chaka cha 2000 limati mfuti yam'manja ikamayenda pagulu ikhale m'chikwama chake, yophimbika yonse. N'chifukwa chake kumeneko amayeza makulidwe a mfuti ngati telala. Koma lamulo lomwelo limafuna kuti munthu akhale wa zaka 21, aphunzire n'kukhoza mayeso, ndiponso akhale nzika kapena wa chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Ndi angati mwa abale athu a ku Joni ali ndi pepala limenelo? Ndiye mfuti imene mnyamata wathu angaipeze kumeneko ndi ya kuseri, ndipo sadziwa kuti inapha ndani isanafike m'manja mwake. Ngakhale chilolezo chenicheni cha kumeneko chimathera pa malire. Kuno chilolezo chimachokera ku polisi, pansi pa lamulo lathu la mfuti limene linalembedwa m'chaka cha 1967.

Mfuti simwalira ndi mwini wake, ndipo ife a ku Mwanza sitifunika kuuzidwa. Ine ndinabadwa nkhondo ya ku Mozambique itatha, koma makolo athu amasimba za othawa nkhondo amene anadzaza m'boma lino. Frelimo ndi Renamo anasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma ma AK-47 sanasaine kanthu. Anakwiriridwa m'nthaka, ena n'kuyamba kudutsa njira zachidule za m'malire, ndipo zaka zotsatirazo mawu oti "achifwamba" anasanduka a tsiku ndi tsiku m'matauni mwathu. Onjezanipo za mu Disembala 1993, asilikali atalanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ambiri a iwo n'kuthawira ku Mozambique komweko. Anzathu kutsidyako anavutika zaka zambiri kutolera zidazo. Apolisi awo ndi a South Africa anayamba Operation Rachel mu 1995 kufukula ndi kuphwanya nkhokwe za mfuti. Chaka chomwecho bungwe la mipingo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Tsono AK-47 ndi chimfuti chachitali chovuta kubisa. Kamfuti kokwana m'thumba la jekete, kakabedwa m'galimoto, adzakapeza ndani? Imene inapha Chris Hani ku Boksburg mu Epulo 1993 inali yam'manja, yobedwa m'nkhokwe ya asilikali.

Sindikunyoza mantha a anthu. Wamalonda woyenda ndi ndalama pakati pa Zobue ndi Blantyre ali ndi chifukwa choopera. Tonse tikukumbuka kuti mu Seputembala 2013 a Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, anaomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Lilongwe. Koma taganizirani bwino nkhani imeneyo. Wachiwembu amasankha yekha nthawi ndi malo, inu manja ali pa chiwongolero. Ngakhale P365 ikhale yopepuka bwanji, iye watulutsa kale yake.

Mmodzi wa atatu aja ananenanso mawu amene ndinawamvapo m'makalasi ndisanasiye yunivesite, akuti mfuti m'manja mwa anthu wamba imaopseza boma lankhanza. Mawu amenewa akuwanenera m'boma la Mwanza! Pa msewu wa Thambani, mu Meyi 1983, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ali m'manja mwa apolisi, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Atatu anali nduna, mmodzi phungu. Kamfuti ka m'sokosi kakanalandidwa pomwe anamangidwira. Chimene chinagwetsa ulamuliro umenewo ndi kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992 ndi voti ya pa 14 Juni 1993, ndipo chimene chinaulula za ku Thambani ndi kafukufuku wa Jaji Mtegha amene anakhazikitsidwa mu 1994.

Pangano la mayiko a SADC loletsa kufala kwa mfuti linasainidwa konkuno, mu mzinda wa Blantyre, mu Ogasiti 2001. Limafuna kuti mfuti zikhale ndi zizindikiro ndiponso zilembedwe m'kaundula. Ngati kaundulayo alipo ndipo ndi wolongosoka, palibe chobisira. Aphungu a Mwanza, inu amene boma lanu ndi khomo lalikulu la katundu wochokera kumwera, kafunseni ku Nyumba ya Malamulo, nduna iyankhe pamaso pa anthu: zilolezo za mfuti zam'manja zilipo zingati, ndi zingati zinaperekedwa kwa andale ndi owateteza, nanga ndi mfuti zingati za chilolezo, kuphatikizapo za boma lenilenilo, zimene zinasowa osapezekanso?