Wosema wa ku Lusaka aseme Lusaka

Amisiri a m'mudzi wa zachikhalidwe wa Kabwata, m'mbali mwa msewu wa Burma, sasowa luso. M'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, tomwe atsamunda adamangira antchito achikuda ndipo boma lidatisandutsa malo a zaluso mu 1974, muli anthu odziwa kuyang'ana chipika n'kuona komwe chingang'ambikire asanachikhudze ndi kasemasema. Chodandaulitsa n'chakuti zotuluka m'manja aluso chotere zimangofanana: njovu, mvuu, nyamalikiti. Zomwezo mudzazipeza pa msika wa Lamlungu ku Arcades, ku Livingstone, ku Lilongwe ngakhale ku Nairobi. Ndikunena mosapsatira kuti wosema wa mumzinda uno ali ndi zitsime zitatu zotungako nzeru, zomwe ndi chilengedwe, chikhalidwe ndi maulendo, koma zonse zimaphwa akasiya kuyang'ana moyo womuzungulira n'kumangoyang'ana m'thumba mwa mlendo.

Ambiri akamva za chilengedwe amaganiza za nyama za ku Luangwa, pomwe wosema amakumana nacho koyamba m'chinthu chomwe wagwira. Mzinda wa Lusaka udakhala pa thanthwe la miyala ya laimu ndi nsangalabwi, miyala yomwe amayi amaphwanya m'mbali mwa misewu kuti agulitse kwa omanga nyumba. Achinyamata omwe adayambitsa Rockston Studio mu 1985, Lutanda Mwamba ndi David Chirwa, adaonetsa kuti mwala ungathe kulankhula za anthu a kuno. Mitengo nayo ili ndi nkhani yake. Mukula udadulidwa mosasamala mpaka mu 2019 udaikidwa pa mndandanda wa CITES wa mitengo yoyenera kutetezedwa pa malonda a pakati pa mayiko. Mlombwa umatenga zaka zambirimbiri kuti ukhwime. Mmisiri wodziwa zimenezi sangamalize chipika chotere pa njovu yofanana ndi zana zina, chifukwa mtengo wosowa umafuna ganizo loyenera msinkhu wake.

Pa chikhalidwe, ena amayesa kuti kuchilemekeza n'kubwereza zomwe makolo adasema. Gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 pamodzi ndi makishi, amatsutsa ganizo limeneli. Kudambwe sikudakhaleko mantha ndi zatsopano. Amishoni atafika kudatuluka Maliya, azungu atachuluka kudatuluka Simoni wa nkhope yofiira, ndipo galimoto itayamba kuyenda m'midzi idalowanso m'bwalo ngati chilombo. Eni mwambo ankaona zochitika m'masiku awo, n'kuziumba kuti mudzi uziseke, uziope kapena uphunzirepo. Wofuna kuwatsata lero aseme mayi wa pa Soweto Market atasenza dengu la tomato, kondakitala wolendewera pa khomo la minibasi ya ku Chelstone, kapena ana odikira madzi pa mpopi. Mwambo wa makolo udali wotero: kupenya mwatcheru anthu omwe ukukhala nawo.

Nanga maulendo? Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo moyo wa Henry Tayali ukuvomereza. Adabadwira ku Serenje mu 1943, adakulira ku Bulawayo, adaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda, kenaka ku Düsseldorf ku Germany. Koma atabwerera, zomwe adajambula ndi kusema zidali za anthu wamba a kuno, ndipo chosema chake cha The Graduate chikadali chiimire pa University of Zambia. Ku Ulaya adakatengako njira zogwirira ntchito, koma nkhani zake zidali za kwawo. Chimodzimodzinso ku Tengenenge m'dziko la Zimbabwe, komwe kuyambira 1966 antchito a m'minda ya fodya, ena mwa iwo Achewa ndi Ayao ochokera ku Malawi ndi Mozambique, adasema m'miyala ya eni dziko zomwe adanyamula m'mitima kuchokera kumudzi. Ulendo umanola maso a munthu yemwe ali kale ndi chonena.

Wina anena kuti zonsezi n'zokoma pa pepala, koma wosema ali ndi lendi ndi fizi ya ana, ndipo chimene chimagulidwa ndi nyamalikiti. Akunena zoona, ndipo palibe woyenera kunyoza munthu wodyetsa banja ndi thukuta lake. Koma yankho limeneli likuloza mwini mlandu weniweni, yemwe ndi ife ogula. Mlendo amafuna kanthu kopepuka kolowa m'chikwama, choncho msika wodalira alendo okha umabala tinthu tating'ono tofanana. M'nyumba zazikulu za ku Kabulonga ndi Woodlands, m'mabanki ndi m'mahotela a pakati pa mzinda, muli malo ndi ndalama zokwanira zosema zazikulu zonena za ife. Ngakhale Freedom Statue ya pa Independence Avenue, yosonyeza Zanco Mpundu Mutembo akudula unyolo, idapangidwa mu 1974 ndi James Butler wa ku Britain. Patapita zaka zoposa 50, sitinganenenso kuti amisiri akuno kulibe.

Poyambira palipo kale. Lechwe Trust yakhala ikugula ndi kusunga ntchito za amisiri a dziko lino kuyambira 1986, ndipo Henry Tayali Visual Arts Centre ku Showgrounds imaonetsa ntchito za amisiri kwa anthu. Chotsala n'chakuti khonsolo ya mzinda, makampani ndi mipingo, pomanga nyumba kapena pokonza mabwalo, azipatula ndalama yolembera wosema wakuno ntchito, n'kumupatsa nthawi ndi ufulu wosankha chonena. Mmisiri wolipidwa kuti aganize adzaganiza, ndipo ana omwe akukula ku Chelstone ndi ku Kabwata adzaona makolo awo ataimiridwa m'mwala ndi m'mtengo pakati pa mzinda wawo.