Tcheni si khungu lanu, muzivula posamba

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayamba kuyenda m'tauni ya Kasungu, ndipo ogulitsa ndolo, matcheni ndi mphete pa WhatsApp amadziwa kuti nyengo yawo yakwana. Koma pasanathe mwezi madandaulo amayamba: tcheni chasuluka, chala chabiriwira, khutu likuyabwa. Ena mpaka amati magazi awo sagwirizana ndi golide. Ayi ndithu, magazi alibe mlandu.

Zambiri zomwe timagula motchipazi ndi chitsulo chosakaniza ndi mkuwa, chongokutidwa ndi golide wopyapyala kuposa tsitsi. Mukasamba nacho tsiku ndi tsiku, sopo ndi chinkhupule zimapala kagolide kaja pang'onopang'ono. Mkuwa wa mkati ukakumana ndi thukuta, ndiye kubiriwira kuja. Kuyabwa nthawi zambiri kumachokera ku chitsulo china chotchedwa nickel, chomwe mayiko a European Union adachiikira malire pa zovala m'thupi kuyambira 1994. Kuno timangovala.

Mdani wamkulu ndi klorini. Chibwerereni kolera wa 2022 ndi 2023, makomo ambiri adazolowera kuthira WaterGuard m'madzi, ndipo zimenezo musasiye, moyo ndi wofunika kuposa ndolo. Koma dziwani kuti klorini wambiri, makamaka wa mu Jik pochapa, amadetsa siliva komanso amafooketsa ngakhale mphete ya golide weniweni, chifukwa amadya zitsulo zomwe adasakanizamo. Mphete ya chinkhoswe yomwe wina adaivutikira nyengo yonse kumunda isamalowe m'beseni lochapira.

Za kumundazo, amene adasokapo fodya amaudziwa utomoni wakuda womwe umamata m'manja. Umalowa pansi pa mphete, ndiye munthu amakhula ndi mchenga kapena phulusa kuti uchoke. Golide wokutira uja amathera pompo. Feteleza naye ndi mchere, amadya chitsulo.

Komabe ine sindiloza chala ovala okha. Ogulitsa ambiri akutinamiza. Chithunzi chowala pa status, pansi pake "original gold, waterproof", mtengo wake wosakwana ndi bando ya intaneti ya mwezi umodzi. Golide wake uti? Kugulitsa zokutira si tchimo, ndipo zimakongola ndithu, koma auzeni makasitomala zoona kuti adziwe kasamalidwe kake.

Inu ogula, yang'anani pa ndowe ya tcheni kapena mkati mwa mphete. Nambala 925 imatanthauza siliva, 375 ndi golide wa 9 karati, 750 ndi wa 18 karati, pomwe GP ndi chongokutira. Zidindozi nazo amabera, ndiye mtengo ukhale mboni yachiwiri. Ngati mukudziwa kuti kuvula simungakumbuke, gulani za stainless steel, zimapirira madzi. Zina zonsezo muzivula musanalowe kubafa, muzivala mafuta ndi perefyumu zitauma pakhungu, ndipo madzulo muzipukute ndi kansalu kofewa n'kuzisunga pouma, osati pa zenera la kubafa.