KUMWAMBA SI MUNDA WA ATSAMUNDA

Pali anthu a mitundu iwiri amene mlimi wa m'Zambia ayenera kucenjera nao pa nkhani ya masetilaiti. Oyamba ndi a pakhomo pompano, amene amati za kumwamba ndi masewera a Azungu ndipo munthu wa khasu alibe nazo kanthu. Aciwiri ali kutsidya kwa nyanja. Iwowa amadziwa bwino phindu la zinthuzi, ndipo akufuna kuti likhale lao okha. Onsewa akukoka cingwe cimodzi, pakuti woodzera pa bwalo logawa minda amathandiza wolanda.

Setilaiti ndi makina amene amaponyedwa ndi roketi kuti azizungulira dziko lapansi. Yoyamba inali Sputnik 1 ya dziko la Soviet Union, imene inaponyedwa pa 4 October 1957. Inali yolemera makilogramu 83, ndipo inali kuzungulira dziko lonse m'mphindi 96. Mu January 1958 dziko la America linaponya Explorer 1, ndipo mu 1959 Luna 3 inajambula mbali ya mwezi imene munthu anali asanaionepo cilengedwere.

Maiko akuluakulu anacita phokoso lalikulu ndi anthu amene anawatumiza kumwamba. Koma nchito yolemera yagwiridwa ndi makina opanda munthu, amene safuna cakudya kapena mpweya. Mu 1970 Luna 16 inatera pa mwezi, inakumba dothi lolemera magramu 101 ndi kubwera nalo. Caka comweco Venera 7 inatera pa Venus, kumene kumatentha kupitirira madigiri 450, malo amene munthu sangapondeko. Mu 1976 makina awiri a Viking anatera pa Mars ndi kupima dothi lake.

AFRICA ALIMO KALE

Amene amati nkhaniyi ndi yacilendo ayankhe mafunso awa. Kodi akudziwa kuti pa 12 December 1970, pafupi ndi Malindi ku gombe la Kenya, panaponyedwa setilaiti yopima kuwala kwa X-ray kocokera ku nyenyezi? Tsikulo dziko la Kenya linali kukumbukira zaka 7 za kudzilamulira, ndipo setilaitiyo inachedwa Uhuru, ndiko kuti Ufulu. Makinawo anali a America ndipo poponyerapo panali pa Italy, koma malo amenewo anasankhidwa cifukwa ali pafupi ndi mzere wa equator, kumene kuzungulira kwa dziko kumathandiza kukankha roketi. Alendo anaona phindu la malo a Africa eni ace asanalione.

Kodi akudziwanso kuti Voyager 1 ndi Voyager 2, zoponyedwa mu 1977, zinanyamula mbale ya mau yokhala ndi moni wa m'zinenero 55, ndipo pakati pa izo pali Cinyanja ndi Ciila? Voyager 2 inadutsa Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune, ndipo mu 2012 Voyager 1 inaturuka m'dera la mphepo yocokera ku dzuwa. Cinenero cimene amai amatsutsira mtengo wa nyemba pa msika wa Katete cafika kutali kumene palibe munthu anafikako. Nanga mwini cineneroco angati bwanji sizimkhudza?

PHINDU LAKE KU MUNDA

Ciphunzitso ca Umunthu, cimene Dr Kenneth Kaunda anacifotokoza mu 1967, cimafunsa funso limodzi pa cinthu ciriconse: kodi cithandiza munthu? Pa funso limeneli setilaiti siinacite manyazi. TIROS-1 inayamba kujambula mitambo mu 1960. Meteosat yoyamba inaikidwa pamwamba pa Africa mu 1977, ndipo kuyambira pamenepo oyang'anira za nyengo amaona mvula ikali kutali. Landsat, kuyambira mu 1972, imajambula minda, nkhalango, madambo ndi mitsinje, kotero kuti kumene mitengo yatha ndi makala sikubisika.

Mu February 2024 cilala cinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse la Zambia, pamene mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga anaonongeka. Cilalaco cinadza ndi El Niño, ndiko kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, ndipo masetilaiti pamodzi ndi zipangizo za m'nyanjamo anali atauona kutenthako mu 2023, mbeu zisanabzalidwe. Cenjezo lotere likafika pa mudzi nthawi ikalipo, mlimi angathe kusankha mbeu yoca msanga, mapira kapena cinangwa. Likathera m'maofesi a m'tauni, nkhokwe imakhala yopanda kanthu. Safunsa anadya phula.

Atsogoleri a ufulu anazindikira zimenezi. Mu January 1973 Ian Smith anatseka malire a Rhodesia ndi colinga cakuti Zambia agwade. Mu 1974 mbale yaikulu yolankhula ndi masetilaiti inatsegulidwa ku Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, ndipo mau a Zambia anayamba kupita ku maiko akutali kudzera kumwamba, kumene Smith analibe cipata coti atseke. Dziko la India nalonso, limene ena anali kuliseka kuti ndi losauka, linatumiza maphunziro a ulimi ndi umoyo pa kanema ku midzi pafupifupi 2,400 mu 1975 ndi 1976 kudzera pa setilaiti yobwereka. Mu 2023 makina ake a Chandrayaan-3 anatera pa mwezi.

MZIMU WA BERLIN

Tsopano kunena za gulu laciwiri. Mu 1884 ndi 1885 maiko a ku Ulaya anakhala pansi ku Berlin ndi kupangana za kagawidwe ka Africa popanda mfumu ngakhale imodzi ya kuno. Pofuna kuti zoterezi zisacitike kumwamba, pangano la United Nations la 1967 linaletsa dziko liri lonse kutenga mwezi kapena pulaneti kukhala zake, ndipo linaletsanso kuika mabomba a nyukiliya mozungulira dziko. Lamuloli linali lofunika, pakuti mu July 1962 America anaphulitsa bomba lotere makilomita 400 pamwamba pa Pacific, ndipo masetilaiti angapo anaonongeka, kuphatikizapo Ariel 1 ya Britain.

Koma dyera silifa msanga. Pangano la 1979, limene linati cuma ca pa mwezi ndi colowa ca anthu onse, America, Russia ndi China sanalowemo. Mu 2015 America anapanga lamulo lolola makampani ake kukhala eni a miyala imene angakumbe kumwamba, ndipo Luxembourg inatsatira mu 2017. Mwana wa dziko limene ndalama za mkuwa wake zinali kupita ku British South Africa Company kufikira mu 1964 safunikira womasulira kuti amve tanthauzo la malamulo otere.

Ndiponso amphamvu akuipitsa njira ya onse. Mu 2007 China inaswa setilaiti yake ndi mzinga, ndipo panatsala zidutswa zoposa 3,000. America anacita zofanana mu 2008, India mu 2019, ndi Russia mu 2021. Cidutswa cacitsulo cothamanga kumwamba sicifunsa mbendera ya setilaiti imene cikuiomba. Iyi ndi nkhani ya munthu wotaya zinyalala m'citsime ca mudzi wonse.

NCHITO YA PA BULANCHI

Yankho si kulira ai, koma kugwirizana ndi kuphunzira. South Africa inaponyetsa Sunsat mu 1999, Nigeria inatsatira mu 2003, Zimbabwe mu 2022, Botswana mu 2025, ndipo caka comweco bungwe la African Space Agency linatsegulidwa ku Cairo. Mutu umodzi susenza denga.

Cotero atsogoleri a m'mabulanchi ndi m'masekishoni ali ndi udindo woonekeratu. Aonetsetse kuti uthenga wa za nyengo wa pa wailesi ukukambidwa pa msonkhano mvula isanagwe, ndipo afunse alangizi a zaulimi cimene zithunzi za kumwamba zikunena za dera lao. Makolo asacotse mwana pa sukulu, wamkazi kapena wamwamuna, cifukwa ca ukwati kapena ubusa wa ng'ombe, pakuti masamu ndi sayansi ndiwo makasu a nchito imeneyi. Dziko lopanda akatswiri ake lidzagula nkhani za munda wake kwa mlendo, pa mtengo umene mlendoyo adzachula.